Bowo Limene Makampani a Nyimbo Analephera Kutseka

Ambiri a ife timaidziwa Audacity ngati pulogalamu yokonzera mawu: kuchotsa phokoso mu intavyu ya asayinimenti, kulumikiza tizidutswa ta podikasiti, kapena kukweza mawu a munthu amene ankalankhulira kutali ndi foni. Koma ili ndi ntchito ina imene anthu amauzana monong'ona ngati mankhwala. Pa kompyuta ya Windows, mukasankha Windows WASAPI pa mndandanda wa njira zojambulira, n'kusankhanso sipika kapena mahedifoni anu pamene palembedwa kuti loopback, pulogalamuyi imayamba kujambula chilichonse chimene kompyutayo ikuimba. Wailesi ya pa intaneti, phunziro la pa Zoom, ulaliki wa pa Facebook, zonse zimalowa bwinobwino, popanda tambala wa kwa aneba kapena honi ya minibasi.

Kabatani kameneka kamaoneka kachabechabe, koma kumbuyo kwake kuli milandu ya m'makhoti akuluakulu ndi mkangano wa zaka pafupifupi 70 pakati pa ogulitsa nyimbo ndi anthu wamba omvera. Funso lake silinasinthe chiyambire nthawi ya matepi: kodi mawu amene afika kale m'nyumba mwanga ndili ndi ufulu wowasunga? Ndikufuna titsate mbiri imeneyi chifukwa phunziro lake n'lomveka. Nthawi zonse pamene eni nyimbo anayesa kuthetsa kujambula pokhoma maloko, analephera. Pamene anavomereza kuti anthu azijambula ndithu, n'kuyamba kufunafuna njira yoti woimba alandirepo kangachepe, zinthu zinayamba kuyenda.

Tiyambe ndi momwe kujambulaku kumachitikira, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. M'kati mwa kompyuta nyimbo ndi manambala. Pa CD, mwachitsanzo, sekondi imodzi ya nyimbo imasungidwa ngati manambala 44,100 a khutu lamanzere ndi enanso 44,100 a khutu lamanja. Fayilo itha kukhomedwa ndi loko wolimba chotani, koma kuti inu mumve kanthu, kompyuta iyenera kutsegula lokoyo, kusakaniza manambalawo ndi mawu ena onse amene akulira panthawiyo, kenaka kuwatumiza ku kachipangizo kamene kamawasandutsa mphamvu ya magetsi yogwedeza sipika. Loopback imangoima panjira pamenepo, pakati pa chosakanizira ndi sipika, n'kumalemba manambala onse amene akudutsa. Siithyola loko. Imadikira kuti mwini wake atsegule yekha chitseko, ndipo iye sangachisiye chotseka, poti nyimbo yosamveka palibe angaigule.

Nkhondoyi inayamba kompyuta zisanafike m'manyumba, ndipo inayambira ku Germany. Mu 1935 kampani ya AEG inaonetsa ku Berlin makina otchedwa Magnetophon, ojambula mawu pa tepi ya maginito. Poyamba anali makina a nyumba zoulutsira mawu, koma pofika zaka za m'ma 1950 makampani ngati Grundig ankagulitsa makina ojambulira oti munthu n'kuika pabalaza. Bambo wamba tsopano akanatha kulumikiza chingwe ku wailesi yake n'kusunga nyimbo imene sanagule. GEMA, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo m'dzikolo, linathamangira kukhoti, ndipo mu 1955 khoti lalikulu la West Germany linagamula kuti kutepa nyimbo kunyumba popanda chilolezo n'kuphwanya ufulu wa mwini nyimbo. Chigamulo chinalipo, koma wochilondola m'nyumba iliyonse akanakhala ndani? Bungweli linapempha kuti ogulitsa makinawa azilemba mayina a ogula poona ziphaso zawo, kuti adziwike n'kumalipiritsidwa. Mu 1964 khoti lomwelo linakana, poona kuti zimenezi zikanafika posuzumira m'nyumba za anthu. Mu 1965 nyumba ya malamulo inapeza njira yapakati: munthu aloledwe kujambula zomvera yekha kunyumba, koma pa mtengo wa makina aliwonse ojambulira pakhale kandalama kopita kwa eni nyimbo. West Germany linali dziko loyamba kuchita zimenezi, ndipo mayiko ambiri anadzatengera. Sungani nkhani imeneyi, tiipezanso kwathu kuno.

Pamene makhoti a ku Germany ankalimbana ndi nkhaniyi, kampani ya Philips inali ikukonza chinthu chimene chinadzaifikitsa m'mudzi uliwonse. Mu 1963 gulu la mainjiniya lotsogozedwa ndi Lou Ottens, ku fakitale ya Hasselt m'dziko la Belgium, linatulutsa kaseti. Philips inalola makampani ena kupanga makaseti ndi makina ake popanda kulipira, choncho mtundu umodzi womwewo unafala dziko lonse lapansi. Wailesi ndi kaseti zitaikidwa m'bokosi limodzi, kujambula zimene zikuimba kunasanduka ntchito ya zala ziwiri. Makolo athu akudziwa bwino: kaseti yopanda kanthu ili m'kati, chala chili pa batani lofiira, munthu akudikira kuti nyimbo ya Alleluya Band kapena ya Allan Namoko iyambe pa MBC, uku akupemphera kuti muulutsi asalankhulire pamwamba pake. Imeneyo ndiyo inali loopback ya nthawiyo. Mawu ankachoka ku wailesi kupita pa tepi kudzera m'mawaya a m'kati, osadutsa mumphepo.

Makampani a nyimbo anaona ngati nyumba yapsa. Mu 1981 bungwe lawo la ku Britain, BPI, linayambitsa kampeni yonena kuti kutepa kunyumba kukupha nyimbo, ndipo chizindikiro chake chinali kaseti yooneka ngati chigaza cha munthu, mafupa awiri opingasa pansi pake. Ku America nkhaniyi inafika kukhoti kudzera ku makanema. Universal ndi Disney anasumira Sony chifukwa cha Betamax, makina ojambulira za pa TV. Mu Januwale 1984 khoti lalikulu la dzikolo, oweruza 5 kupambana anzawo 4, linati wopanga makina alibe mlandu ngati makinawo ali ndi ntchito zina zambiri zovomerezeka, komanso kuti kujambula pulogalamu kuti udzaonere nthawi ina si kuba. Taganizani, woweruza mmodzi yekha akanapendekera mbali inayo, mbiri ya zipangizo zonse zojambulira ikanakhala ina. Ku Britain nakonso, CBS Songs inasumira Amstrad chifukwa chogulitsa makina a makaseti awiri okopera mwaliwiro, ndipo mu 1988 House of Lords inati Amstrad ilibe mlandu, chifukwa kugulitsa munthu chida si kumutuma kukaba. Wosula mipeni sayankha mlandu wa munthu amene wabaya mnzake.

Atagonja m'makhoti, makampaniwa anatembenukira kwa opanga malamulo ndi opanga makina. Kaseti inali ndi chofooka chimodzi chimene chinkawatonthoza: ukakopera kuchokera ku kope, mawu ankafooka, phokoso n'kuchuluka, mpaka kope lachitatu kapena lachinayi linkamveka ngati oimba ali m'chitsime. Koma mu 1987 Sony inatulutsa DAT, tepi yosunga manambala, imene kope lake silisiyana ndi gwero. Pofuna kuthana nayo, dziko la America linakhazikitsa lamulo la Audio Home Recording Act mu 1992. Lamuloli linaika kamsonkho pa makina ndi matepi oterewa, n'kulamulanso kuti m'makinamo mukhale loko wotchedwa SCMS, wolola kukopera kuchokera ku gwero koma woletsa kukoperanso kuchokera ku kope. DAT siinafale konse pakati pa anthu wamba. Ndipo lamulolo linasiya panja chinthu chimodzi chachikulu: kompyuta. Mu 1999, bungwe la makampani a nyimbo la RIAA litasumira Diamond Multimedia chifukwa cha kachipangizo koimbira MP3 kotchedwa Rio, khoti la apilo linatsimikiza kuti lamulolo silikhudza zosungidwa m'kompyuta. Anamanga mpanda wolimba kuzungulira khola limene ng'ombe zinali zitasamukamo kale.

Kompyuta inali itayamba kale kuimba. Mu 1989 kampani ya ku Singapore ya Creative inatulutsa Sound Blaster, khadi loika m'kompyuta kuti izitulutsa ndi kujambula mawu, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makadi otere anasanduka chinthu wamba. Ambiri mwa iwo anali ndi njira yojambulira zonse zimene khadilo likutulutsa. Makampani ena ankaitcha Stereo Mix, a Creative ankaitcha What U Hear. Inali ndi ntchito zake zosadzetsa mkangano, monga kusunga nyimbo imene munthu wapeka pa kompyuta kapena kuphatikiza mawu ake ndi zing'wenyeng'wenye. Inasanduka nkhani chifukwa cha intaneti. Mu 1995 kunabwera RealAudio, njira yomvetsera mawu pa intaneti akamafika, popanda kusunga fayilo. Kwa ogulitsa, amenewa anali maloto enieni: munthu amve koma asatsale ndi kanthu. Mu 1998 America inakhazikitsa lamulo la DMCA loletsa kuthyola maloko a pa mafayilo, ndipo kumayambiriro kwa 2000 kampani ya RealNetworks inagwiritsa ntchito lamuloli kuimitsa pulogalamu ya Streambox VCR, imene inkanamiza makina a RealNetworks kuti aipatse fayilo yeniyeniyo. Koma Stereo Mix siinkanamiza aliyense. Inkangomvera limodzi ndi mwini kompyuta.

Apa ndi pamene Audacity inalowa m'bwalo, ndipo mbiri yake iyenera kutilimbikitsa ife ophunzira. Mu 1999, pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, wophunzira wina dzina lake Dominic Mazzoni ankafuna chida choonera ndi kusanthula mawu pa kafukufuku wake. Pamodzi ndi mphunzitsi wake Roger Dannenberg anayamba kulemba pulogalamuyi, ndipo pa 28 Meyi 2000 anaitulutsa kwaulere, pansi pa chilolezo cha GPL chimene chimapatsa aliyense ufulu woona m'kati mwa pulogalamu, kuisintha ndi kuigawa. Mfundo ya chilolezoyi ndi yofunika m'nkhani yathu. Pulogalamu ya kampani imodzi mutha kuiopseza ndi maloya mpaka itachotsa kabatani kamene simukukafuna. Pulogalamu imene aliyense ali ndi mapulani ake siifa chotero, chifukwa mawa wina aimanganso. Zinaoneka mu 2021, kampani ya Muse Group itatenga Audacity n'kulengeza zoti pulogalamuyi izitumiza uthenga wa momwe anthu akuigwiritsira ntchito. Ogwiritsa ntchito anakwiya, ena anapatuka n'kuyamba nthambi zawo monga Tenacity, ndipo kampaniyo inabweza moto pa zina mwa zimene inafuna.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000 ndi zimene maloko anachuluka kwambiri. Napster, imene inayamba mu 1999, inali itaonetsa kuti fayilo imodzi ya MP3 itha kufika kwa anthu mamiliyoni, ndipo makhoti anaitseka mu 2001. Microsoft inaika mu Windows Me, mu 2000, njira yotchedwa Secure Audio Path, yoti nyimbo yokhomedwa iziyenda yobisika mpaka pa khadi la mawu, pulogalamu ina iliyonse isaigwire panjira. Makampani anayambanso kuika maloko pa ma CD enieniwo. Chimake chinali mu 2005, pamene katswiri wa makompyuta Mark Russinovich anatulukira kuti ma CD ena a Sony BMG ankalowetsa mwachinsinsi pulogalamu yodzibisa m'kompyuta ya wogula, ndipo pulogalamuyo inkatsegulira khomo ma virus. Kampaniyo inaitanitsa ma CD aja m'masitolo n'kulipira pa milandu imene inatsatira. Amene anavulala anali ogula mokhulupirika. Wokopera mwakuba sanakhudzidwe n'komwe.

Akatswiri anapatsa vuto lonseli dzina loti analog hole, kutanthauza bowo limene limatsala pamene manambala asanduka mawu omveka kapena chithunzi chooneka. Mu Disembala 2005 aphungu ena a ku America anabweretsa bilu yofuna kutseka bowoli kumbali ya makanema, koma siinadutse. Windows Vista itatuluka mu 2007, anthu ambiri anapeza kuti Stereo Mix yabisidwa pakati pa zipangizo zozimitsidwa, ndipo pa malaputopu ena panalibiretu. Choseketsa n'chakuti Vista yomweyo ndi imene inabweretsa WASAPI, njira yatsopano yoyendetsera mawu mu Windows, ndipo m'kati mwake munali loopback, imene siidalira kuti wopanga khadi la mawu walola kapena ayi. Audacity inadzayamba kuigwiritsa ntchito, ndipo ndi imene tikudina lero. Pa Mac anthu anadzipangira Soundflower, kenaka BlackHole. Pa Linux mawu otuluka amajambulika kudzera pa chimene amachitcha monitor. Ndipo zonsezi atazitseka tsiku limodzi, pangatsalebe kachingwe kochokera pa bowo la mahedifoni kupita ku makina ena.

Potsiriza ogulitsa okha anatopa. Mu Febuluwale 2007 Steve Jobs wa Apple analemba kalata ya poyera yopempha makampani a nyimbo kuti asiye maloko, ndipo mu 2009 sitolo ya iTunes inawachotsa pa nyimbo zake. Spotify, imene inayamba ku Sweden mu 2008, inasonyeza kuti anthu ambiri amalipira ngati kulipirako kuli kosavuta kuposa kuba. Mkangano sunathe, monga tinaonera mu Okutobala 2020 pamene RIAA inachititsa kuti pulogalamu ya youtube-dl ichotsedwe pa GitHub, ndipo mwezi wotsatira inabwezeretsedwa. Koma njira imene ndalama zinayamba kubwerera kwa eni nyimbo inali ya ziphaso ndi malipiro, monga aku Germany anaonera kalekale.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene makampeni oletsa kutepa sankaitchula. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, BBC inkafufuta matepi a mapulogalamu ake kuti iwagwiritsenso ntchito, poti tepi ya kanema inali yodula. Zigawo zambiri za sewero la Doctor Who, limene linayamba mu 1963, zinatayika motero, ndipo pafupifupi 100 zakhala zikusowa. Komabe mawu a zigawo zonsezo alipo. Anasungidwa ndi oonera wamba, ambiri mwa iwo achinyamata, amene ankaika maikolofoni pafupi ndi TV kapena kulumikiza chingwe m'kati mwake n'kumatepa. Patapita zaka, BBC yomweyo inadalira matepi amenewo potulutsanso zigawozo, zina ndi zithunzi zojambula pamanja. Amene akanatchedwa akuba ndiwo anasanduka nkhokwe.

Tisaganize kuti intaneti inathetsa vuto limeneli. Mu Malichi 2019 MySpace inavomereza kuti inataya mafayilo amene anthu anaikapo kwa zaka zoposa khumi, posamutsa zinthu kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Akuti nyimbo pafupifupi 50 miliyoni zinapita. Internet Archive inapulumutsako pafupifupi 490,000, ndipo zinapezeka chifukwa chakuti gulu lina la ofufuza linali litazikopera kale. Madzi akatayika saoleka. Chinthu chimene chili pa kompyuta ya kampani imodzi yokha, ngakhale anthu mamiliyoni akuchimvera lero, chili pa ulusi.

Nanga kwathu kuno? Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kunena kuti kukopera kulibe vuto. Oimba athu akudziwa ululu wake kuposa a BPI. Kuyambira makaseti achinyengo a m'misika mpaka timashopu tobena nyimbo pa memory card, woimba wa ku Malawi waona nyimbo yake ikulira m'basi iliyonse iye akuyenda wapansi. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la umwini wa zaluso mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992. Lamulo latsopano la 2016 linatsegula njira ya msonkho wa pa zipangizo zosungira zinthu, monga mafoni, makompyuta ndi ma flash, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa eni luso. Iyi ndi nzeru yomweyija ya ku Germany ya 1965, itayenda zaka zoposa 50 kuti itipeze. Ikutanthauza kuti laputopu imene mukujambulira mawu inapereka kale kenakake polowa m'dziko. Ikutanthauzanso kuti tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zikutoleredwa zingati ndipo zikufika kwa ndani, chifukwa njira imeneyi imayenda pokhapokha ngati kagawidwe kake kali poyera.

Koma msonkho umenewo ndi wa kope lomvera iwe mwini. Si chiphaso chogulitsira nyimbo za anthu kapena kuzimwaza m'magulu a pa WhatsApp. Apa ndi pamene mbiriyi yatisiyira katundu ifeyo. Popeza loko sangatiletse, chotsala ndi chikumbumtima ndi ulemu. Wophunzira amene intaneti yake imadukaduka, n'kujambula phunziro la pa Zoom kuti adzalimvetsenso usiku popanda kugulanso bandulo, akuchita zomwe khoti la mu 1984 linaona kuti n'zomveka, bola apemphe kaye kwa mphunzitsi, chifukwa phunzirolo ndi ntchito ya mwini wake ndipo m'kalasimo mukumvekanso mawu a anzake. Wojambula zokambirana za pa foni mnzake asakudziwa, n'kuzitulutsa pofuna kumuchititsa manyazi, sakusunga mbiri iliyonse. Chida n'chimodzi, ntchito zake n'zosiyana.

Ndipo pali ntchito imene ikudikira anthu ngati ife. Tsiku lililonse mawailesi a m'madera akuulutsa pa intaneti zokambirana za m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena, magogo akufotokoza mbiri ya mudzi, oimba a kumudzi akuimba pompopompo mu situdiyo. Zambiri mwa izi zikamveka kamodzi, zapita. Ngati mukuchita kafukufuku wa chilankhulo, mbiri kapena utolankhani, phunzirani kujambula bwino. Zimitsani mabelu a mauthenga musanayambe, chifukwa loopback imatola zonse. Sungani kope loyamba ngati WAV, imene imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndipo MP3 ya pafupifupi 1 MB pa mphindi ikhale yonyamula pa foni. Pa dzina la fayilo lembani tsiku, wailesi ndi wolankhula, poti mawu opanda tsiku ndi dzina amasanduka mphekesera. Ikani kope lina pamalo ena. Uzani eni pulogalamu kuti muli nalo, ndipo pemphani chilolezo musanaligwiritse ntchito poyera. Tsiku lina, kompyuta ya ku situdiyo itapsa, akhoza kudzagogoda pakhomo panu.